Wailesi Imene a Amosi Anasiya Ikulankhula

A Amosi Kachingwe ankadziwika Kaliyeka yense chifukwa cha akodiyoni. Anali munthu wamtali, wopendekera phewa lamanzere, kumene lamba wa chida chawocho anakhala akukoka kwa zaka zambiri. Kwawo kunali ku Dowa, koma m'tauni anabwera ali mnyamata, nthawi imene nyumba zinkamera ngati bowa, ndipo anayamba ntchito yopenta. Akodiyoniyo anamugula kwa mkulu wina amene anabwera naye kuchokera kumigodi ya ku Joni. Kuimba anadziphunzitsa okha, kuseri kwa nyumba, mpaka aneba analeka kudandaula n'kuyamba kubwera ndi mipando.

Kale anali ndi gulu lawo loimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe. Atabwera anyamata a masipika akuluakulu, gululo linaphwasuka pang'onopang'ono, wina kupita kumudzi, wina kumwalira, wina kulowa mpingo woletsa zovina. Anatsala awiri: iwo ndi Che Shaibu, neba wawo wa ku Mangochi, wokhoma zidebe ndi mbaula. Che Shaibu ankaimba babatoni, chigitala chachikulu cha chingwe chimodzi chimene anachipanga okha ndi chikopa cha ng'ombe ndi waya wa m'tayala. Nyumba zawo zinali zoyang'anizana, pamzere womaliza kumunsi, kumene kamtsinje kamadutsa. Akazi a Amosi, mayi Veronica, atamwalira, mbale ya ndiwo inkachokera kwa mayi Zulaikha, akazi a Che Shaibu, popanda wina kupempha. Khutu limodzi la a Amosi linali litayamba kugontha, choncho wailesi yawo inkamveka mzere wonse. Anthu ankadziwa kuti wailesi ikamalankhula, mwini wake alimo.

Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, ndipo kenako kunamveka za namondwe wochokera ku Mozambique. Lachinayi galimoto ya chimkuzamawu inazungulira m'misewu, kuuza onse okhala m'mphepete mwa mitsinje kuti asamukire kumtunda. A Amosi anali atakhala pachidebe chovundikira pakhomo pa Che Shaibu, anthu angapo ali pomwepo.

"Namondwe ndi wa ku Nsanje ndi ku Mulanje uko," anatero a Amosi. "Kuno akafika adzapeza ine ndili pampando panga. Ndidzamuimbira nyimbo imodzi, abwerere kwawo."

Anthu anaseka. Che Shaibu anapitiriza kukhoma mbaula.

"Achimwene, madzi sadziwa nyimbo," anatero osadzutsa mutu. "Ine akafika pamtengo wa mango uwo, ndinyamula amayi awa, tikakhale kumzikiti."

"Pitani inu. Ine sindisuntha."

Mawa lake masana kunabwera Thokozire, mwana wawo yekhayo, amene anali ndi saluni ku Area 25. Sanakhale n'komwe pansi. Anatsegula chikwama n'kuyamba kuponyamo malaya, bulangete ndi mankhwala a BP.

"Ababa, tiyeni. Sindinatseke saluni kuti tidzakambirane."

"Iwe, anthu andiona bwanji? Dzulo lomweli ndanena pagulu kuti..."

"Akuoneni mmene akuonereni. Amayi ndinawaika ndine, sindikufuna kudzakufunani m'matope. Nyamulani chakuimbiracho."

A Amosi anayang'ana kwa aneba. Linali Lachisanu, Che Shaibu anali kumzikiti, mayi Zulaikha anali kumsika. Mumtima anaona kuti zawayendera, achoka popanda wowaseka, ndipo adzaimba foni akafika. Chimene chinkawavuta chinali akuba, chifukwa nyumba ikangodziwika kuti mulibe munthu, malata ndi zitseko zimayenda. Anaika mabatire atsopano m'wailesi, anaikweza mmene ankakwezera masiku onse, n'kuisiya pamwamba pa kabati. Chitseko chakutsogolo anachipiringidza m'kati. Anatulukira chakuseri, choyang'ana kumtsinje, anakhoma loko, n'kudzera kanjira ka m'chimanga, akodiyoni atamukulunga m'pepala la pulasitiki. M'minibasi anamuika pamiyendo ngati mwana.

Mvula inayamba akutsika. Sinali yamabingu, inali yongotsika osapuma, mphepo ikuipinda uku ndi uku. Magetsi anazima tsiku lomwelo ndipo sanabwerenso. Foni ya a Amosi, imene batire yake inali yotha kale, inazima asanaimbire aliyense. Anakhala pawindo m'nyumba ya mkamwini wawo, Dalitso, kuyang'ana madzi akusefukira m'ngalande. Adzukulu anawapempha kuti aimbe, iwo anati chinyezi chimawononga chida. Ankadya zimene apatsidwa, kugona, kudzuka, kubwereranso pawindo. Dalitso anabwera ndi nkhani yoti kumunsi kwa Kawale ndi Kaliyeka nyumba zagwa. A Amosi anangoti, "Kodi," n'kupitiriza kumwa tiyi.

Mvula itadula ananyamuka m'mawa okha kubwerera ku Kaliyeka, atavala jombo za Dalitso. Thokozire anafuna kuwaperekeza koma anamuuza kuti akatsegule saluni. Minibasi inawasiya patali chifukwa msewu unali utadyeka, ndipo anayenda wapansi kutsetsereka. Kumtunda zonse zinali mmene anazisiyira, mawokala otsegula, anthu akukazinga chipisi. Kumunsi matope anayamba, ofiira, onunkha zimbudzi. M'mitengo munali mutakodwa majumbo, nsapato, mpando wa pulasitiki. Anthu anali atayanika matiresi pamilu ya njerwa.

Mayi Tione, ogulitsa tomato, anali akuchapa mapoto m'beseni. Atadzutsa mutu n'kuona a Amosi, anasiya poto kugwa, anabwerera chafutambuyo manja ali kumutu.

"Mayo ine! Abambo Kachingwe! Ndinu?"

"Ndine. Mwaswera bwanji, mayi?"

Mayiwo anathamangira kumunsi akukuwa dzina lawo.

Mzere womaliza kunalibe. Pamene panali nyumba ya a Amosi panali mulu wa zidina zosungunuka ndi malata opindika, ndipo pamuluwo panali amuna ambiri ndi makasu ndi mafosholo. Anali atakumba kale mbali yaikulu. Bedi lawo linali pambali, ndi kabati yothyoka, ndi zitini zakale za penti atazindandalika bwinobwino. Amunawo anaima n'kumawayang'ana. Mmodzi, Abdullah, mng'ono wa Che Shaibu, anatsika pamuluwo atagwira fosholo, matope ali mpaka m'mawondo.

"Mukukumba chiyani?" anafunsa a Amosi.

"Tikukumba inu."

Panalibe amene anaseka. Abdullah anazika fosholo pansi n'kufotokoza, mawu ake ali ophwa ngati munthu amene wanena nkhani imodzimodzi kambirimbiri. Madzi anabwera Loweruka masana, mwadzidzidzi, ngati khoma. Anthu anathawira kumtunda. Che Shaibu anali atafika kale pamsewu ndi akazi awo pamene anafunsa ngati wina waona a Kachingwe. Palibe anawaona. Foni yawo sinkapezeka. Mayi wina anati podutsa wamva wailesi ikulankhula m'nyumba, chitseko chili chopiringidza m'kati.

"Achimwene anati munthu uja samva bwino, mwina wagona. Anatenga nyundo yawo n'kubwerera. Tinawaletsa. Madzi anali m'chiuno. Anathyola chitseko, analowa, tinamva akukuitanani. Kenako khoma la kumtsinje linagwera m'kati, denga n'kutsatira."

A Amosi anayang'ana zitini za penti zija. Chimodzi chinali cha buluu, chotsala pamene anapenta sukulu ina ya mkaka ku Biwi.

"Ali kuchipatala?"

"Tinawapeza madzi ataphwa. Tinaika dzulo." Abdullah anapukuta nkhope ndi mkono. "Ndiye timati inu muli pansi penipeni. Inu munali kuti?"

"Ku 25. Kwa mwana."

"Ku 25," anabwereza Abdullah. Anatembenukira anzake aja. "Basi, siyani. Munthu ndi uyu."

Amunawo anatsika mmodzimmodzi. Ena anawagwira dzanja a Amosi, ena anangodutsa atasenza makasu. A Amosi anadikira kuti china chake chichitike m'thupi mwawo, koma sipanachitike kanthu. Anaona kuti jombo yakumanja ikuwathina chala chachikulu. Anaona nkhuku ikutola m'matope. Anakhala pabedi lonyowalo n'kuvula jomboyo, kukutumula kamwala, n'kuivalanso.

Mayi Zulaikha anali kumzikiti, m'chipinda chimene ana amaphunziriramo, pamodzi ndi mabanja ena osowa pokhala. Anali atakhala pamkeka pakati pa amayi anzawo, atafunda nsalu kumutu. Nkhani inali itafika kale. A Amosi anavula jombo pakhomo, anagwada chapatali n'kuwomba m'manja pang'ono.

"Alamu," anatero mayiwo. "Muli moyo."

"Ndili moyo, alamu."

"Alhamdulillah."

Mwana wina ankalira panja.

"Ndinachoka Lachisanu," anatero a Amosi. "Ndimati ndiimba foni."

"Wailesi ija inkalankhula," anatero mayi Zulaikha, osati mokalipa, koma ngati akuwauza nkhani ya kwina. "Nanenso ndinaimva. Ndinawauza ndine kuti alamu alimo." Anakonza nsalu yawo. "Mwadya?"

Anati sanadye. Anawapatsa phala la soya m'kapu ya pulasitiki, lomwe a mabungwe anabweretsa, ndipo analimwa lonse, atagwada pomwepo, amayi onse aja akuwayang'ana. Linali lopanda shuga.

Abdullah anawaperekeza kumanda. Mtumbira unali waung'ono kuposa mmene ankaganizira, dothi lake lonyowa, mapazi a anthu akuonekabe mozungulira. Abdullah anatambasula manja n'kupemphera m'Chiarabu. A Amosi anavula chipewa. Anayesa kukumbukira nkhope ya mnzawoyo, koma chimene chinkabwera chinali msana wokha, wowerama pambaula. Anaima mpaka Abdullah anawakhudza pachigongono kuti azipita.

Atafika ku Area 25 madzulo, Thokozire anawafunsa za nyumba. Anati yagwa. Anawafunsa za a Shaibu. Anamuuza zonse, mwadongosolo, mmene Abdullah ananenera. Thokozire anakhala pansi pakhitchini n'kulira mokweza, akunena kuti wolakwa ndi iye, amene anawafulumizitsa. A Amosi anamuyang'ana, kenako anapita kukatsuka jombo za Dalitso pampopi n'kuziyanika.

Kumapeto kwa mweziwo kunali chinkhoswe ku Chinsapo chimene iwo ndi Che Shaibu anavomera kalekale kukaimbako. Eni ake anatumiza uthenga kuti amva zovutazo, asadzivutitse. Iwo anapita. Anakhala pampando pansi pa tenti, anakoleka lamba, ndipo zala zinayenda zokha m'njira zimene zinkadziwa. Amayi anavina, nthungululu zinalira, wina anawapukuta thukuta ndi chitenje. Mkulu wina woledzera anafunsa kuti mdala wa chigitala uja ali kuti lero, ndipo a Amosi anati sanabwere. Anaimba mpaka mwambo unatha, anadya mpunga ndi nkhuku, n'kukwera minibasi.

Ku Kaliyeka sanamangenso. Akuluakulu a boma analetsa kumanga kumunsi kuja, ngakhale ena anayamba kale kuumba zidina pamalo pomwepo. Dalitso anawakonzera kachipinda kakuseri, ndipo anayambiranso kupenta, mageti ndi mawokala a anthu a ku 25, amene sankawadziwa kuti ndi woimba. Akodiyoni ankamutulutsa akaitanidwa, ndipo ankaitanidwa mwa apo ndi apo.

Masiku a chisoni atatha, abale anabwera kudzatenga mayi Zulaikha kupita nawo ku Mangochi. A Amosi anamva kwa mayi Tione ndipo anafika m'mawa kudzathandiza. Katundu sanali wambiri: malata ochepa owongoledwa, mapoto, chitsulo chokhomerapo zidebe, thumba la zovala. Ananyamula malatawo ndi Abdullah, wina uku wina uku. Lole ya abalewo italira, mayiwo anatulutsa dzanja pawindo.

"Mutsale bwino, alamu. Muzimwa mankhwala aja."

"Muyende bwino. Mukapereke moni kunyumba."

Anaima mpaka fumbi linatha, kenako anakwera minibasi yopita m'tauni. Anakhala kumbuyo, manja pamawondo, akuyang'ana mutu wa munthu wa patsogolo pawo. Anthu anatsika, ena anakwera, anatsikanso. Injini itazima, kondakitala anasuzumira m'kati n'kupeza atsala okha.

"Madala, tafika."

"Pati?"

"Pa depoti. Kapena mubwerera nafe?"

A Amosi anayang'ana panja. Ogulitsa nthochi ndi maunitsi anali akukuwa m'mawindo a minibasi zina, dzuwa likuswa mtengo.

"Ayi," anatero. Anagwira chitsulo cha mpando, anadzuka pang'onopang'ono n'kutsika.