Mutu wa amuna anga pa thupi la alamu

Inu owerenga, nkhani yanga ndi yochititsa manyazi, moti ndaiyamba kangapo n'kung'amba pepala. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Kasinje, m'boma la Ntcheu. Tsiku ndi tsiku ndimakalipira ana a eni akanama, koma ine ndemwe ndinanamiza ofesi ya viza ya dziko lina, ndipo bodza limenelo landitsekera njira yopita kwa amuna anga. Palibe anandikakamiza. Anali mantha basi, ndipo mpaka lero foni ikalira ndi nambala yachilendo mtima umandigunda ngati ndaba.

Amuna anga amagwira ntchito yosamalira okalamba ku dziko lina la ku Ulaya lomwe sinditchula. Tinadziwana ku tchalitchi kwathu asanapite, ndipo pomwe tinkagwirizana zomanga banja anali atatha kale chaka ali kumeneko. Akuntchito anawakaniza tchuthi. Makolo a mbali zonse sanafune kuti ndizingotchedwa chibwenzi mpaka kalekale, choncho anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike mwini wake kulibe. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo. Apongozi anga aakazi, a Nangozo, amanena monyadira kuti pa chinkhoswe chawo pampando wa mkwati panali jekete ndi chipewa basi, mwini wake ali ku migodi ya ku Joni. Ine ndinachita mwayi chifukwa pampando panakhala munthu wamoyo, alamu anga a Filipo, mng'ono wawo wa amuna anga.

Tsikulo linakoma. A Filipo anavala suti nalandira nkhwangwa ndi chikwanje m'malo mwa akulu awo, ine n'kulandira lichero ndi mthiko. Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, ngoma inavinidwa mpaka fumbi koboo. Foni tinaitsamiritsa pa botolo la zakumwa patebulo pomwe tinakhala, amuna anga n'kumaonera zonse ali kuntchito pa nthawi yopuma. Patatha chaka anabwera, tinakalembetsa ukwati kwa DC ku Ntcheu Boma n'kukaudalitsa ku tchalitchi. Anakhala mwezi umodzi n'kubwerera. Ndafotokoza zonsezi kuti mudziwe kuti ukwati wanga unali weniweni, wopanda chinyengo ngakhale pang'ono.

Atangobwerera tinayamba zofunsira viza yoti ndiwatsatire ngati mkazi wawo. Pa fomu panali funso loti ukwati wathu unayamba liti, ndipo ndinalemba tsiku la chinkhoswe, chifukwa kwa ife ukwati umayambira pamenepo. Ndinapita ku Lilongwe kukadinda zala ndi kukajambulitsa chifuwa, ndipo anandiuza kuti yankho litenga miyezi itatu. Ndinabwerera ndikuyenda ngati ndakwera kale ndege. Ndinagula majekete otentha pa kaunjika n'kuwalongedza m'sutikesi, aphunzitsi anzanga n'kuyamba kunditcha "a ku Ulaya". Dzinalo linkandikomera, sindinama.

Miyezi itatu inatha, kuli zii. Kwathu netiweki imavuta, moti ndikafuna kuona imelo ndimakwera pa chulu kuseri kwa sukulu. Udzu wa pa chulu chimenecho unatha ndi mapazi anga. Mwezi wachisanu kunabwera uthenga, koma potsegula unali wofuna setifiketi ya ukwati yokhala ndi chidindo china. Ndinatumiza. Kenako anati kalata ya kupolisi yatha mphamvu, ndikatenge yatsopano. Pomwe imeneyo inkafika, ya chifuwa nayo inali itatha, ndiye ulendo winanso wa ku Lilongwe. Kenako anafuna mauthenga athu a pa foni omasuliridwa m'Chingerezi. Tangoganizani, mawu omwe munthu umauza mwamuna wako, ena oti ngakhale mchemwali wako sayenera kumva, kuwapereka kwa womasulira wosamudziwa. Pepala lililonse likapita ndinkadziuza kuti ili ndiye lomaliza, koma pempho lililonse latsopano ndinkalimva ngati akunena kuti sakundikhulupirira.

Kumudzi nako pakamwa pa anthu sipanatseke. Ndikadutsa pa mjigo ndinkamva, "Kodi a ku Ulaya simunapitebe?" Ena ankanong'onezana kuti mwamunayo wapeza mzungu, za mapepalazi n'zongonamizira. Ndinamvanso za mayi wina wa ku Sharpevale amene akuti anamukaniza viza pomuganizira kuti ukwati wake ndi wongofunira mapepala. Mayiyo sindinamuonepo, mwina kulibe n'komwe, koma masiku amenewo ndinkamuganizira kuposa mayi anga ondibala.

Chaka chitangokwana kunabwera imelo yomwe inandithetsa nzeru. Inati popeza ndinalemba kuti ukwati unayamba pa mwambo wa makolo, nditumize zithunzi za mwambowo zoonetsa ine ndi amuna anga pasanathe masabata awiri. Ndinatsika pa chulu. Kunyumba ndinatulutsa zithunzi zonse n'kuziyala pa bedi. Chilichonse chinali cha ine ndi a Filipo: apa tikuseka, apa tikulandira mphatso, china atandigwira dzanja. Ndinaziyang'ana ndi maso a mzungu wosadziwa Ntcheu, ndipo chomwe ndinaona ndi mkazi wokwatiwa ndi mng'ono amene akufuna kulowa m'dziko la eni pa dzina la mkulu.

Apa ndi pamene ndinayenera kuimbira amuna anga, koma sindinatero. Ndi munthu wosadziwa kukhota. Ndinadziwa kuti angonena kuti tumizani zomwezo mulembe kalata yofotokoza, ndipo ine ndinali wotsimikiza kuti kalata yoteroyo itiphetsa. Ndinadziona ngati wochenjera kuposa iwo.

Loweruka ndinapita ku Boma. Cholinga changa poyamba chinali kungoikitsa zithunzizo pa kompyuta mu situdiyo ina. Mwini wake, bambo wa imvi zake, ataona maso anga ofiira anafunsa chomwe chavuta, ndipo ndinamukhuthulira zonse. Anaseka.

"Mayi, mukulirira zimenezi? Awa ndi a mimba imodzi, mapewa ofanana. Ndipatseni chithunzi cha abambo, mutu tisintha pompano."

Ndinakana kamodzi kokha, ndipo kukana kwake kunali kofooka. Anatenga mutu wa amuna anga pa chithunzi cha kwa DC n'kuuika pa thupi la a Filipo, ine ndikuonerera. Atamaliza analoza patebulo m'chithunzimo n'kuti, "Nanga kafoni aka? Katiulula aka, tikachotse." Ndinavomera ndi mutu. Kanachoka, panatsala botolo lokha. Ntchito yake inali yaudongo moti ine ndemwe ndinayamba kuona ngati amuna anga analipodi tsiku lija. Ndinatumiza zithunzi ziwiri tsiku lomwelo, ndipo iwo ndinangowauza kuti zomwe amafuna zija zapita.

Mtendere wanga unakhala masiku atatu okha. Lachiwiri ndili mu ofesi ya aphunzitsi ndikuchonga makope, ndinatsegulanso chithunzi chimodzi pa foni kuti ndidzilimbitse mtima, n'kuchikulitsa. Dzanja logwira nkhwangwa linali ndi chala chimodzi chachifupi. A Filipo anaduka chala cholozera ndi lamba wa chigayo kalekale, ndipo tonse tinazolowera moti sitichionanso. Amuna anga zala zawo n'zokwanira, ndipo zonse khumi anazidinda m'mabuku a dziko lomwelo. 

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa mantha enieni. Chakudya ndinkangochisiya m'mbale. Galimoto yachilendo ikaima pa sukulu ndinkangoti apolisi afika. Ndinkalemba pa bolodi n'kuiwala chomwe ndikuphunzitsa, ana ali maso tong'o kundidikira. Masiketi anayamba kukhwepa m'chiuno, ndipo a Nangozo atandifunsa ndinati ndi malungo. A Filipo akabwera kudzatisiyira nandolo za kumunda kwawo, maso anga ankangothamangira pa chalacho, iwo osadziwa kanthu. Kangapo ndinalemba uthenga woulula zonse kwa amuna anga n'kuufufuta usanapite. Ndinkapemphera pemphero lochititsa manyazi, loti Mulungu atseke maso a anthu aja asaone chala. Ndinakhala choncho miyezi itatu.

Foni inabwera tsiku lina m'mawa ndili m'kalasi. Ndinathamangira pa chulu. Kumbali inayo kunali mayi wachizungu wa ku ofesi ya viza ndi womasulira Chichewa, bambo wa mawu ofatsa. Mafunso oyamba anali ofewa: tinakumana kuti, amagwira ntchito yanji, amakonda ndiwo zanji. Kenako linafika lomwe ndinkaliopa, loti kodi pa tsiku la chinkhoswe amuna anga analipo. Ndinati analipo. Mzunguyo analankhulanso, ndipo womasulira anati, "Mayi, akufunsanso kachiwiri, ndipo akuti muganize bwino musanayankhe. Amene ali pa zithunzi munatumizazo ndi amuna anu?"

Inu owerenga, mpata unalipo pamenepo. Ndikanangoti iyayi, ndinachita mantha, ndikhululukireni, mwina nkhani ikanakhala ina. Koma munthu ukanama kamodzi umaopa chilungamo kuposa bodza. Lilime langa linati ndi iwowo.

Madzulo ake dzuwa lisanalowe amuna anga anaimba ali osangalala kuposa masiku onse. Nawonso anali ataimbiridwa m'mawa womwewo.

"Zatheka izi, akazi anga, yambani kutsanzika. Andifunsa za chinkhoswe ndipo ndawafotokozera zonse, kuti Filipo ndi amene anandikhalira pampando ine ndikuonera pa foni. Ndawauzanso za jekete la abambo lija. Mzunguyo wachita chidwi, akuti zoterezi sanazimvepo."

Ndinakhala pansi pa dothi pomwepo. Chala chomwe ndinachiopa miyezi itatu palibe anachitchula n'komwe. Chinandigwira ndi chilungamo cha amuna anga omwe, chifukwa ndinawasiya osadziwa kanthu. Ndinawauza zonse ndikulira. Anangofunsa kuti, "Ndiye munandidula mutu osandiuza?" Atatero anadula foni.

Kalata inabwera patatha masabata atatu, mofulumira kuposa china chilichonse chomwe ndinadikirapo kwa anthu amenewa. Ndime yomwe imandipweteka kwambiri si yondikanayo ayi. Analemba kuti setifiketi ya kwa DC anaipeza kuti ndi yoona, ndiponso kuti kuimiridwa ndi m'bale pa mwambo wa makolo sikukanakhala chifukwa chondikanira. Anandikana chifukwa chopereka zithunzi zachinyengo ndi kunama pofunsidwa, ndipo sindiloledwa kufunsiranso mpaka patatha zaka khumi. Amuna anga nawo anaitanidwa kukafotokoza ngati ankadziwa, ndipo mpaka lero sitikudziwa ngati chilolezo chawo chogwirira ntchito adzachiwonjezera.

Ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo tilibe mwana. Zaka khumizo muwonjezerepo nokha. Amuna anga amaimbabe Lamlungu lililonse, amafunsa za sukulu ndi za mvula, mwaulemu ngati akulankhula ndi mlendo. Sananene kuti banja latha, sananenenso kuti abwera liti, ndipo ine ndimaopa kufunsa. A Nangozo sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anangoti, "Mwana wanga, ine ndinadikira zaka zisanu ndi ziwiri ndi jekete lokha, koma sindinalisokerere mutu." A Filipo, munthu wosalakwa, masiku ano akandiona amabisa dzanja m'thumba.

Inu amene mukudikira mapepala otsatira mnzanu wa m'banja kunja, ndimvereni ine ndapsa. Akachedwa, kuchedwako sindiye kuti akukanani, ngakhale a pa mjigo anene zotani. Akafuna pepala lina, perekani lomwe muli nalo monga liliri. Pomwe mukuona kuti mwambo wathu sangaumvetse, lembani kalata yofotokoza, ankhoswe ndi abusa asayinire. Musalole munthu wa pa kompyuta akuuzeni kuti izi n'zazing'ono, chifukwa tsiku lofunsidwa iye adzakhala akujambula anthu ena, inu muli nokha ndi foni kukhutu. Koposa zonse musamubisire kanthu mnzanuyo, chifukwa adzafunsidwa payekha ndipo adzanena zomwe akudziwa.

Sabata yatha ndinatsegula sutikesi ija kuti ndiyanike majekete, chifukwa ayamba kununkha nkhungu. Pansi pake ndinapeza zithunzi zenizeni zija, momwe ndinazibisira nditachoka ku situdiyo. Ndinayang'anitsitsa chija cha nkhwangwa, ulendo uno ndi maso angaanga osati a mzungu. Patebulo, pakati pa ine ndi a Filipo, pali kafoni kotsamira botolo. Ukayang'ana bwino mukuoneka nkhope ya amuna anga atavala yunifolomu ya kuntchito, akuseka mano onse ali pamtunda. Anthu aja anapempha chithunzi cha ine ndi amuna anga pa tsiku la chinkhoswe, ndipo ndinali nacho m'manja. Ndine amene ndinavomera ndi mutu kuti awachotsemo.