Kutsuka kompyuta ya achimwene

Achimwene anga ankamanga makompyuta ngati mmene ena amamangira khola la nkhuku, ndi chilichonse chimene atola. Ankagwira ntchito ku fakitale ya feteleza, ndipo maofesi akamataya makina akale iwo ankabwera nazo kunyumba: bokosi lero, fani mawa, tizidutswa tina togula ku Lusaka tobwera m'thumba la malaya pa minibasi. Ine mlongo wawo ndinkakhala nawo ku Estates, ndipo poona kuti ndili ndi zala zing'onozing'ono komanso pakamwa posatseka, anati bola andipatse chochita. Anandiphunzitsa kuika sisitimu, pulogalamu yaikulu ija imene ikasowa, kompyuta imangokhala chitsulo choyikapo maluwa.

Kompyuta yawo ya pabalaza inali ndi madisiki awiri. Ina inali ya sisitimu, ina yosungira zawo. Foni yawo inali ya malo ochepa, choncho chilichonse ankachisamutsira kumeneko: zithunzi za ukwati, nyimbo za kwaya, ndi mavidiyo awo akuimbira mwana wawo wamkazi pomusambitsa m'beseni. Lamulo lawo linali limodzi. "Ukalibe kuika sisitimu, chosa ntambo ya disiki yachiwiri. Kompyuta siziba vamene ukonda."

Anadwala kanthawi kochepa, n'kutisiya mwanayo asanayambe kulankhula bwino.

Maliro atatha linafika tsiku logawa katundu. Kwathu zovala za malemu zimayamba zachapidwa munthu wina asanazivale. Zinayanikidwa pa waya, ndipo amalume athu ochokera ku Katete, omwe ku tchalitchi ndi mkulu wa mpingo, anadutsa akuwaza madzi a masamba pa mipando, pa njinga, ngakhale pa nsapato. Atafika pa kompyuta ndinawagwira dzanja, chifukwa madzi ndi mawaya sizimwerana. Alamu anga, mkazi wa malemu, anali pa mphasa pakona atazolika. Wamasiye salankhula pa tsiku limenelo, amangomva zinthu zake zikutchulidwa mayina a anthu ena.

Kompyuta amalume anaipereka kwa mwana wawo wa ku koleji, yemwe ngakhale pamaliro sanabwere. Ndinapsa mtima, koma amayi ananditsina pa ntchafu. Kenaka amalume anati tiiyatse aone ngati ikugwira. Sikirini itawala panatulukira nkhope ya achimwene akuseka, mano onse pamtunda. Azakhali anakuwa n'kufunda chitenje kumutu.

"Ichi chintu chikali na mwine wake," anatero amalume. "Iwe uziba, chisuke. Vonse vichoke."

Ndinawauza kuti muli zithunzi ndi mavidiyo a mwana ndi atate ake, ndipo kulibe kwina kumene ziliko. Ndinapempha andipatse mpaka mawa ndikabwereke pokopera, poti fulashi yanga, kachipangizo kanga kokopera zinthu, inali yodzaza ndi sisitimu. Anapukusa mutu. Basi yawo inali ya masana omwewo, komanso anati kusunga mawu a munthu wakufa n'kumuitana. Ndinayang'ana alamu. Sanadzutse mutu, koma ndinaona zala zawo zikukumba mphasa.

Ndinatsegula bokosilo ponamizira kupukuta fumbi. Amalume anakoka mpando n'kukhala pambali panga, maso ali mkatimo ngati munthu amene akusendetsa mbuzi yake. Kumasula disiki yachiwiri ija n'kuibisa sikukanatheka, akanandiona ndikanangogwira sikuludiraiva. Chimene ndinatha ndi kulowetsa zala ziwiri pansi pa nsalu yopukutira n'kusolola kanthambo kaja. Ndinakapinda kuseri kwa mawaya ena n'kutseka.

Ndinabaya fulashi n'kuyatsa. Pamene imafunsa poika sisitimu, panaoneka disiki imodzi yokha. Ndinadina kufomata, kuti zonse zifafanizike, ndikudziwa kuti inayo siikhudzidwa. Kenaka kudikira. Kamzere kanayenda pang'onopang'ono, fani ikulira, anthu odzaza pabalaza maso ali pa sikirini ngati tikudikira dokotala. Ine ndinkapemphera kuti magetsi azime monga amachitira masiku onse, kuti amalume aisiye. Tsiku limenelo sanaphethire n'komwe.

Itamaliza inadzuka ndi chithunzi cha phiri la kudziko kumene palibe wa ife anafikako. Inafunsa dzina la mwini wake, amalume anatchula la mwana wawo, ine n'kulemba, n'kuwauza kuti ndatsuka. Azakhali anavundukula kumutu, wina anayambitsa nyimbo, amalume anapemphera pothokoza kuti zonse zayenda mwamtendere. Anakulunga bokosilo m'bulangete, naliika pamutu pa wonyamula katundu, ulendo wa kokwerera minibasi.

Alamu ndinawapeza kuseri kwa nyumba pa mpopi, akutsuka mbale zotsukatsuka kale. Sanandiyang'ane.

"Mulamu, mwafafaniza?"

"Iyayi ba mulamu. Vilipo vonse. Nachosa chabe ntambo."

Anasiya mbale m'madzi. Nkhope yawo inawala koyamba chimwalirireni amuna awo, ndipo zinandipweteka kuposa kulira kwawo konse.

"Vili kuti?"

"Vili mu basi."

Anayang'ana kumsewu kanthawi, kenaka anatolanso mbale ija.

Papita zaka tsopano. Alamu anabwerera kwa makolo awo kufupi ndi siteshoni ya sitima, amagulitsa tomato pamsika. Msuweni wanga uja ndimamuimbira foni mwa apo ndi apo, kumufunsa za sukulu, za mvula, n'kumalizira ndi kompyuta. Amati ikugwira bwino, kungoti malo ndi ochepa. Ndimangoti inde. Ndikamuuza za disikiyo adzauza atate ake, kapena adzailumikiza n'kuifomata kuti aikemo mafilimu. Ndikapanda kumuuza, tsiku lina adzagulitsa bokosi lonse kwa ogula zitsulo. Kawiri konse ndakonzapo ulendo wa ku Katete, koma sindidziwa kuti ndikafika ndikanena chiyani pakhomo pa amalume, ine amene ndinawauza pamaso pa abale onse kuti ndatsuka.

Mwana wa achimwene uja ali ku pulayimale. Sabata yatha ndinapita kukawaona, ndipo ali mkati modya nshima anafunsa amayi ake ngati atate ake anali ndi mawu aakulu kapena aang'ono. Alamu anatembenukira kwa ine.