Ngumbi za mu Draya ya Dona

Zoti ndipite ku Joni anagamula ndi bambo, tsiku limene akuluakulu a mpingo anafika kwathu ku Tsangano akudzikanda. Ndinali nditawaza chitedze pa benchi yawo yakutsogolo. Mpaka lero ndikakumbukira mmene ankavinira popanda ng'oma, nthiti zimandiwawa. Mayeso a Fomu 4 ndinali nditalemba kale, ndiye bambo anati, "Ukakhale ndi azakhali ako, Yohane. Mwina kumeneko ukaphunzira mantha."

Mantha ndinawaphunziradi. Masiku a m'pasipoti anatha mwezi woyamba, ndipo ndikangoona galimoto ya apolisi, ndinkathamangira kukabisala. Azakhali a Nangozo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa dona wina wokalamba, ine ndinkasesa panja ndi kuthirira maluwa. Malipiro anga ankapita kumudzi kukagula feteleza wa mbatatesi. Pa foni ndinkawauza amayi kuti ndikunenepa, koma tsiku linkatha ndisanacheze ndi aliyense kupatula galu.

M'nyumbamo munali draya, makina oumitsira zovala, yakale kuposa ine ndi azakhali kutiphatikiza. Dona anaigula limodzi ndi malemu mwamuna wake, ndipo ankaisisita ngati ng'ombe ya mkaka. "Ukangoikhudza iyi," anatero azakhali, "tonse tikwera basi." Pakhomopo anali atakhalapo kuyambira ndisanabadwe, ndipo ana awo kumudzi ankadyera pomwepo.

Ndiye mvula yoyamba inagwa. Ngumbi zinatuluka pa kapinga, anthu a kumeneko n'kumangoziponda! Ndinatola theka la ndowa, n'kuzifutsa ndi mchere. M'mawa mwake kunali mitambo yokhayokha. Dzuwa loyanikira kunalibe, lichero lopetera mapiko kunalibenso. Azakhali anaperekeza dona kuchipatala. Ndinaiyang'ana draya ija, nayo n'kundiyang'ana.

Poyamba zinayenda bwino. Kenaka fungo la nthenga zopserera, mkati n'kumveka thii! Makina ankazungulirabe, koma mphepo yake inali yozizira ngati ya mu Juni ku Biriwiri.

 M'maganizo ndinaona apolisi, ndinaona azakhali atasenza chikwama pa geti. Ndinazula pulagi, n'kumasula chitsulo chakumbuyo ndi mpeni wa buledi. Mapiko ali mbwee pa waya wotenthetsa, wopindapinda ngati sipuling'i, ndipo wayayo anali ataduka pakati. Apo ndinapumako pang'ono, chifukwa ndinamudziwa. Ndi yemwe uja tinkabisa ku hositelo kusukulu, wowiritsira madzi a tiyi mwakuba. Akaduka tinkamulumikiza tokha.

Ndinapala mapiko, n'kuwongola nsonga ziwirizo. Kabawuti kolumikizira nsongazo, kamene ndinazula pa wilibala, kanagwa katatu. Ndili mkati momanga, geti linalira.

Azakhali analowa, n'kugwira chitseko kuti asagwe. "Mayo ine! Iwe mwana wa mlongo wanga, wandipha!"

"Azakhali, gwirani tochi apa."

"Ndigwire tochi? Ndikugwira pakhosi!"

Koma anaigwira, akupemphera chamumtima. Kuchipinda chochezera dona ankaitana kuti matawulo ake aumitsidwe. Ndinamanga bawuti, kutseka chitsulo, kukolopa mkati, kulowetsa pulagi. Tonse awiri tinaika manja pa kabowo kotulukira mphepo. Yozizira. Yozizirabe. Azakhali anayamba kulira. Kenaka kamphepo kofunda kanatinyambita zala.

Matawulo anatuluka akununkhira ngati mtedza wokazinga. Dona ananunkhiza, n'kunena kuti makina akakalamba amatero. Ntchito ya azakhali inapulumuka. Yanga ayi: Lachisanu lomwelo azakhali anandikweza basi, ndi jumbo ya ngumbi zija pamiyendo.

Ulendo wonse ndinkaganiza za dzanja la bambo. Ndinawapeza kudimba akukumba mbatatesi, nkhani yonse atamva kale pa foni. Ndinagwada, n'kupereka jumbo ija. Anatapamo, kutafuna, kutapanso.

"Zauma bwino," anatero. "Mapiko onsewa anapeta ndi makinawo?"

"Eya, bambo."

Anatembenukira kuphiri, mapewa akugwedezeka. "Lamulungu ukakhale kumbuyo kwenikweni."

Ndinakhaladi kumbuyo. Kuchokera pamenepo ndinaona bwinobwino akuluakulu a mpingo akulowa, aliyense n'kutulutsa kampango, kupukuta benchi, kundicheukira, kupukutanso, kenaka n'kukhala pansonga penipeni. Mtima unakhala m'malo. Ku Joni woopa aliyense ndinali ine. Kwathu kuno woopedwa ndine.