Ufa Wachikasu wa Dokotala wa Nkhuku

"Mwanawe, nkhuku yosadwala imamweranji mankhwala?"

Ndinafunsa choncho nditapeza mwana wanga wachisamba akuthira ufa wachikasu m'madzi a anapiye ongobwera kumene.

Iye anaseka. "Amayi, inu mumaopa ngakhale chithunzithunzi chanu chomwe. Izi n'za sukulu."

Kusukulu sindinapondeko, n'zoona. Koma mlangizi wa ziweto, amene anapitako, anamuchenjezanso. Anati tizilombo tikamalawa mankhwala tsiku ndi tsiku timawazolowera, ndipo tsiku limene adzafunike sadzagwira ntchito, kaya pa nkhuku kaya pa munthu. Mlangizi atangotuluka pageti, mwana wanga anawonjezera supuni ina. Anzake ankamutcha Dokotala wa Nkhuku, iye n'kumayenda motukumuka. Chifuwa chikamugwira, ankanyambitako ufa womwewo.

Inu amene mwatopa ndi moyo, mverani zimene anadutsamo mkazi wake, Make Mapasa.

Chaka chachitatu nkhuku zinayamba kutsegula m'mimba, mapiko ali lende. Mwamuna wakeyo anathira ufa, zinafabe. Anasintha ufa, zinafabe. Sabata yomweyo waya wa pachitseko cha khola unamucheka chidendene. Ankalowamo ndi patapata, kuponda utuchi wonyowa umene sankauchotsa, ankangothira wina pamwamba.

"Kachilonda aka? Mawa kapola," anatero mwana wangayo.

Sikanapole. Mwendo unatupa mpaka thalauza kukana kulowa. Kuchipatala anamubaya mankhwala a mtundu woyamba, wachiwiri, wachitatu. Kenako namwino anaitanira Make Mapasa pakhonde.

"Amayi, limbani mtima. Tizilombo tili m'mwendomu sitikumva mankhwala amene tili nawo."

Mpongozi wangayo ankachoka kuchipatala n'kufikira kukumba dzenje la nkhuku zakufa. Mayi wina woyandikana naye anasuzumira pampanda.

"Asisi, mukukwirira ndiwo? Sosolani mugulitse kwa okazinga pamsewu. Wodya adziwa bwanji?"

"Wodyayo ndi mwana wa munthu," anayankha, n'kupitiriza kukumba.

Khola litatsala mbee, ine ndinamugwira dzanja. "Mwananga, nkhuku zisiye. Kholali lili ndi tsoka, litimaliza tonse."

Anagwada monga amachitira, koma mawu ake sanagwade. "Amayi, si tsoka ayi. Ndi uve ndi ufa uja. Ndikasiya, mapasawa adya chiyani?"

Anapita kwa mlangizi uja ndi manyazi ake onse. Atabwerako anavala jombo, anakokolola utuchi wa zaka zitatu n'kuutentha. Anakwecha pansi ndi makoma mpaka zikhatho kusupuka, anapaka laimu, ndipo anasiya kholalo lopanda kanthu masabata awiri. Odutsa ankaseka: "Make Mapasa ayamba kuweta mphepo!"

Anayambanso ndi anapiye ochepa, okwana m'katoni imodzi. Anawapatsa katemera pa nthawi yake ndi madzi oyera. Pakhomo la khola anaika beseni la mankhwala oviikamo mapazi, ndipo jombo za m'kholamo sizinkatuluka panja. Nkhuku ikafooka ankaipatula n'kuitana mlangizi, osati kuthamangira ufa.

Musaganize kuti zinayenda tsiku lomwelo. Gulu loyamba linakula mochedwa, ogula ankazinyamula n'kunyogodola: "Izi ndi nkhuku kapena njiwa?" Zina zinafa. Ndinamuona akulira kuseri kwa thanki ya madzi, kenako n'kupukuta maso ndi mpango, kunyamula chakudya cha wodwala, ulendo kuchipatala. Ine mtima unali m'mwamba tsiku lililonse. Ndinkamuuza kuti asambe m'manja, mapasa asayandikire khola, asagwire bandeji ya mwamuna wake ali ndi kabala pachala. Ankangoti, "Ndamva, Amayi."

Gulu lachiwiri linachita bwinoko. Lachitatu linatha lonse lisanafike n'kumsika komwe. Lero makola ndi awiri, mapasa ali pasukulu, ndipo amayi ena amabwera kudzaphunzira. Ngakhale ine nkhalamba, ndikafuna kusuzumira, amandiviikitsa mapazi kaye.

Ndiye inu amene khola lanu lagwa, la mtundu uliwonse, musataye mtima. Lirani, pukutani maso, yambiraninso pang'ono. Koma chonde, ana anga, mankhwala si chakudya. Wodziwa akakuletsani, imvani.

Mwana wanga anatuluka m'chipatala patatha miyezi inayi, ali ndi ndodo ziwiri. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo kuti moyo utsale. Chilondacho chimatsegukabe kukatentha, choncho m'khola saloledwa kulowa. M'mawa amakhala pawindo kumvetsera nkhuku zikulira, mkazi wake akamadutsa ndi chidebe iye amamufunsa motsitsa mawu, "Zadya?"

Nthawi zina ndimamuona akuwerama kuti akande phazi lija. Dzanja limafika pansi, osapeza kanthu.