Zuze Wachiwiri

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene matalala anawononga fodya wathu. Ndinali mkamwini ku Malomo, kwawo kwa akazi anga, amake Tadala, ndipo mkamwini wopanda fodya m'chigafa amayenda mozyolika. Mwana wathu Tadala anali akukwawa.

Masiku amenewo panali sewero lina la pa kanema limene tinkaonera Lamlungu masana pa golosale ina ya pa Malomo. Munali bambo wina dzina lake Zuze, wamtali, wa mpata pakati pa mano. Gawo loyamba linatha Zuze akukwera basi kukasaka ntchito kunja, mkazi wake Nasimelo ataima pa siteji. Ine ndinawomba m'manja. Patatha milungu iwiri, nanenso ndinakwera basi.

Ku Joni ndinkatchetcha kapinga ndi kusambitsa agalu a eni. Ndalama zambiri zinkathera lendi ya kachipinda ka malata momwe tinkagona atatu, zotsala ndinkatumiza kumudzi. Kusungulumwa ndiye kunandidya. Lamlungu ndinkangokhala pa ndowa, maso pa foni. Ndinalonjeza zaka ziwiri, koma zinakwana zisanu ndi chimodzi.

Chaka chachinayi kunatuluka gawo lachiwiri, ndipo ndinalionera pa foni. Ndinapsa mtima. Zuze wabwerera kwawo, inde, koma eni sewerolo anaikapo munthu wina, wamfupi, wadazi, wa mano othithikana. Nasimelo n'kumuthamangira, amvekere, "Zuze wanga!" Zuze wake uti? Ndinaimbira amake Tadala pa kafoni kawo ka mabatani.

"Mwaziona zachibwanazi? Atiyesa ana. Mkazi angalandire bwanji munthu wachilendo?"

"Ine ndiye ndikulikonda kuposa loyamba," anatero.

Akukondapo chiyani pamenepo? Ndinayamba kuganiza zopusa, kuti mwina kwathu nako kuli Zuze wina akukhala pa mpando wanga. Ndinafunsa mozungulira kwa achimwene anga a ku Chisepo, iwo anangondiseka. Mtima sunakhale m'malo. Za sewerolo tinakangana miyezi, koma za nsanje yanga sindinatchule.

Tsiku lobwerera ndinatsika minibasi pa Malomo ndi chikwama ndi bulangete. Wakabaza wina amene tinkaonera naye sewero lija anandifunsa, "Ndikakusiyeni kwa ndani, bwana?" Ndinaganiza kuti akucheza. Kenaka ndinadziona pa galasi la minibasi: mimba yatuluka, dazi lafika pakati, dzino lam'tsogolo linatsala ku Joni.

Kunyumba kunalibe Zuze wina aliyense. Kunali denga la malata, ndi chigafa chodzaza fodya amene ine sindinawokere. Pakhonde panali kamtsikana kakusoka fodya. Kanandigwadira ngati mlendo. Nditanena kuti ndine ndani, kanathamangira kuseri, ndipo ndinamva zonse.

"Amayi, kwabwera abambo ena, akuti ndi adadi. Koma si a pa chithunzi aja. Nawonso awasintha ngati Zuze?"

Amake Tadala anatulukira, manja ali bii ndi phula la fodya. Sanandithamangire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mpaka ndinachita mantha kuti anena kuti sakundidziwa.

"Ndi omwewo, mwanawe. Kawatengere mpando."

Patapita masiku, tikusankha fodya, ndinawafunsa chimene ankakondera gawo lachiwiri lija.

"Loyamba lija linali lanu, opita inu," anatero osadzutsa mutu. "Ife otsala tinkangofuna kuona ngati munthuyo abwere, kaya ndi nkhope yanji."

Mpaka lero ndimaonabe kuti Zuze woyamba ankasewera bwino, koma ndimanenera chamumtima. Tadala wayamba kundiitana kuti adadi. Nthawi zina ndimamupeza akuyang'ana chithunzi changa chakale chija pakhoma, kenaka n'kuyang'ana ine.