Mikanda Yoyera M'thumba la Jekete

Amuna anga anali munthu wonyada, ndipo kunyadako ndi kumene ndinawakondera. Thonje lawo ku Zemba linkabereka kuposa la anzawo, ndipo ankaonetsetsa kuti mudzi wonse wadziwa. Matenda a shuga ndi a mtima atawagwira, mphamvu za kuchipinda zinatha. Ine sindinapite kwa ankhoswe ngakhale kamodzi. Ana tinali nawo kale, ndinkafunanso chiyani? Koma iwo anaulula kwa mnzawo wa pabawo, munthu wa pakamwa ngati chitseko chothyoka, ndipo posakhalitsa anthu anayamba kunong'onezana kuti bambo aja anagwa mu mpapaya.

Tsiku lina titapita kukiliniki kukatenga mankhwala a mtima, anafunsa adokotala motsitsa mawu, ine nditazolika ndi manyazi. Adokotala anafotokoza kuti kumayiko akunja akuyesa kuphatikiza mitundu iwiri ya mankhwala a vutoli, koma angoyamba kumene, pa anthu ochepa amene akuwayang'anira usana ndi usiku.

"Kuno sanafike, bambo. Ndipo ndi mtima wanuwu, musamwe chilichonse osatifunsa."

Pobwerera anandikweza panjinga, akupalasa ngati mnyamata.

"Mwamva, amayi? Akuphatikiza!"

"Ndamvanso kuti musayerekeze."

"Inu mumangomva zoletsa zokhazokha."

Anaseka, inenso ndinaseka. Ndinali nditakusowa kuseka kwawoko.

Patapita masiku anapita kuboma, akuti kukagula mankhwala opopera thonje. Anagulanso timapiritsi tabuluu kwa munthu wina wa pamsika, ndi mizu ya gondolosi. Mmawa mwake anamwa zonse pamodzi, kuwonjezera pa mankhwala awo a mtima. Ndinawapeza atagwa pakhonde, thukuta lili kamukamu, ndipo anandiuza okha zimene anachita. Tinawanyamula pangolo. Tisanafike pamsewu waukulu, anali atatisiya.

Mpaka lero ndimawakwiyira. Munthu wamkulu, wodziwa kuyeza mankhwala a thonje mpaka dontho, n'kudziyesa dokotala pa thupi lake! Ndimawakalipira ndili ndekha kumunda, kenako ndimakhala pamzere n'kulira.

Maliro atatha, alamu anga anandipatsa jekete limene amuna anga anavala popita kuboma. M'thumba munali mikanda yoyera ya m'chiuno, yatsopano, yokulunga m'kapepala. Chikwatirane ankandigulira ndi iwo, ndipo anasiya pamene anadwala. Ndinaiyesa kamodzi kokha, nditatseka chitseko. Inandikwana ndendende. Muyeso wa chiuno changa anali asanauiwale.