Tsiku Limene Damiano Anachoka Pagolo

Damiano Pitala ali ndi zaka makumi anayi ndi zitatu. Ndi wa ku Golomoti, ali ndi mkazi ndi ana atatu, ndipo amamata matayala a njinga pa siteji.

Ndinamuona akukula. Anali mwana wamanja aakulu, wosakonda sukulu. Anayamba kugwira mpira wachikulunga kuseri kwa msika, kenaka timu ina ya ku Lilongwe inamutenga. Anakhala goloboyi m'ligi yaikulu zaka zambiri, dzina lake tinkalimva pa wailesi. Bondo lamanzere litayamba kuvuta anamuchita opaleshoni, timuyo n'kupeza mnyamata wina. Anabwera kumudzi ndi chikwama chimodzi ndi magolovesi. Dokotala anali atamuuza mosabisa: kuima pagolo angathe, kudumpha pang'ono angathe, koma kuthamanga ayi. Bondolo likadzathyokanso, sipadzakhala chokonza.

Timu yathu inamutenga. Bwalo lathu lili pa dambo la makande. M'dzinja ng'ombe zimadutsapo. Pofika Okutobala moponda ziboda muja mumauma gwa, nthaka n'kung'ambika ming'alu yolowa phazi lonse. Anyamata okulira pabwalopo amadziwa poponda. Damiano ayi. Loweruka lililonse ankabwera ndi wilibala ya mchenga n'kusalaza pagolo ponse pawiri. Kupitirira pamenepo sankaponda.

Chaka chimenecho tinafika patali. Masewero omaliza anali ndi timu ya ku Mtakataka, pabwalo lathu. Kungofanana mphamvu kukanatikweza kupita m'ligi ya m'chigawo. Koma alendowo anagoletsa chimodzi m'chigawo choyamba, n'kudzazana kumbuyo. Pakatipo Damiano anachotsa mipira imene tonse tinkati yalowa kale. Zimenezo palibe amene amazikumbuka.

Nthawi itatsala pang'ono kutha tinapeza kona. Kochi wathu anali Owen, mnyamata wokonda kuonera mpira wa ku Ulaya pa kanema. Anathamanga m'mbali mwa bwalo akukuwa.

"A Damiano, kwerani! Kaikeni mutu!"

Damiano anapukusa mutu, naloza bondo.

"Madala, mukulondera chiyani kumeneko?" anakuwanso Owen. "Tikuluza!"

Ochemerera anawalandira mawuwo. Wina anati, "Pa wailesi munkauluka, kuno mwabwera kudzapuma?" Mayi wogulitsa mandasi anaika beseni pansi. "Ngati miyendo yatha, vulani magolovesiwo ndivale ine!" Bwalo lonse linaseka. Sulemani, mlamu wake wa Damiano, amene anaima kuseri kwa golo, analankhula motsitsa.

"Alamu, pitani. Musatichititse manyazi."

Damiano anavula kapu naiponya muukonde. Ananyamuka. Sankathamanga, ankayenda akuyang'ana pansi ngati munthu wowoloka mtsinje. Amayi anaimba nthungululu.

Kona inabwera yotsika. Sinafike n'komwe pamene iye anaima. Wotchinga kumbuyo wa ku Mtakataka anaumenya mpirawo kutali, womwetsa zigoli wawo n'kuutola pakati pa bwalo. Pagolo pathu panalibe munthu. Chanzeru chinali kuima n'kuonerera, pakuti wothamangayo sakanamupeza ngakhale ali ndi mawondo abwino. Koma munthu amene wakhala pagolo moyo wake wonse saima chilili golo yake ili pululu. Anatembenuka nathamanga.

Sanafike pakati. Phazi linalowa mumng'alu, thupi linapitirira. Ine ndinali pansi pa mtengo wa bwemba, ndipo ndinamva bondo likuti phwa.

Wa ku Mtakataka uja anakankhira mpira muukonde mosafulumira. Pobwerera anadutsa akuvina pamene Damiano anagona. Refu anaimba wezulo, masewero n'kutha.

Anthu athu sanapite kukamudzutsa.

"Akunamizira amenewo, akubisa manyazi."

"Goloboyi wanji wosiya golo?"

Olankhulawo anali omwe aja amene ankamukuwiza. Owen anauza komiti ya timu kuti iye anangopereka maganizo, munthu wamkulu ngati ameneyo sakakamizidwa. Sulemani anali atalowera kale ku mowa. Amene anafika anali mkazi wa Damiano, Idah. Anamuvula nsapato, napempha mwini ngolo wina kuti awafikitse pa msewu. Kumeneko anadikira minibasi padzuwa, anthu ochokera ku mpira akudutsa n'kumamuloza.

Damiano anagona m'chipatala mpaka mvula yoyamba itagwa. A timu anapitako kamodzi, kukatenga jezi, chifukwa goloboyi watsopano analibe chovala.

Mwendowo supindika. Amayenda ndi ndodo. Owen akadali kochi, ndipo timu ili m'ligi yomwe ija.